Ku Ireland Wopeza Mavoti Ambiri Si Amene Amapanga Boma

Pa 8 Febuluwale 2020 anthu a m'dziko la Ireland adaponya voti posankha aphungu a Nyumba ya Malamulo, koma padapita masiku 140 dzikolo lisanakhale ndi boma latsopano. Chipani cha Sinn Féin, chomwe chidapeza mavoti ochuluka kuposa chipani china chilichonse, chidakathera ku mbali yotsutsa boma. Zipani za Fianna Fáil ndi Fine Gael, zomwe udani wawo udayambira pa nkhondo yapachiweniweni ya mu 1922, ndizo zidagwirana manja n'kulowa m'boma limodzi koyamba m'mbiri ya dzikolo.

Zomwe zidachitika m'masiku 140 amenewa, komanso pachisankho chotsatira cha mu 2024, zikuonetsa kuti m'dziko lomwe mulibe chipani chotha kupambana pachokha, boma limapita kwa amene ali ndi anzake ovomera kukhala naye pagome limodzi. Ntchito yofuna anzakewo imayamba kale tsiku lovota lisanafike.

Momwe chisankho chimayendera

Mosiyana ndi ku Malawi kumene anthu amasankha mtsogoleri wa boma mwachindunji, ku Ireland anthu amasankha aphungu okha, ndipo aphunguwo ndi amene amasankha nduna yaikulu, yomwe m'chiyankhulo cha kumeneko imatchedwa Taoiseach. Dzikolo lili ndi pulezidenti wosankhidwa ndi anthu, koma iye sayendetsa boma. Pankhani imeneyi ntchito yake ndi kungotsimikiza paudindo munthu amene aphungu amusankha.

Mu 2020 Nyumba ya aphunguwa, yotchedwa Dáil Éireann, idali ndi mipando 160. Malamulo a dzikolo amalola sipikala wa Nyumba yomwe yatha kubwerera popanda kupikisana ndi wina aliyense, ndipo sipikalayo saponya nawo voti pokhapokha mbali ziwiri zitafanana. Choncho wofuna kupanga boma lokhazikika ankasowa aphungu 80.

Dzikolo lidagawidwa m'madera 39, ndipo dera lililonse linkasankha aphungu atatu, anayi kapena asanu. Wovota sachonga dzina limodzi ayi. Amalemba 1 pa dzina la amene akumufuna kwambiri, 2 pa wotsatira, 3 pa winanso, mpaka pamene wafuna kulekezera. Kuti munthu apambane amayenera kufika pa chiwerengero china cha mavoti chomwe chimapezeka potengera mavoti onse oponyedwa bwino ndi kuchuluka kwa mipando ya deralo. Mwachitsanzo, m'dera la mipando isanu momwe mwaponyedwa mavoti 60,000, chiwerengerocho chimakhala 10,001. Wopikisana akapitirira pamenepo, mavoti ake otsala amapita kwa amene ovota adawalembera nambala yotsatira. Chimodzimodzinso wopeza mavoti ochepetsetsa amachotsedwa ndipo mavoti ake amagawidwa mwa njira yomweyo.

Njira imeneyi imapatsa mwayi zipani zing'onozing'ono ndi oima paokha, ndipo imachititsa kuti chipani chimodzi chivutike kupeza theka la mipando. Chipani cha Fianna Fáil chidayesa kawiri kuithetsa, mu 1959 ndi mu 1968, koma maulendo onse awiri anthu adakana pa riferendamu. Ulendo womaliza umene chipani chimodzi chidapeza aphungu opitirira theka udali mu 1977, pamene a Jack Lynch adatsogolera Fianna Fáil.

Zotsatira zosapereka mwini

Pa mavoti a nambala 1, Sinn Féin ya mayi Mary Lou McDonald idapeza 24.5 peresenti, Fianna Fáil ya a Micheál Martin 22.2 peresenti, ndipo Fine Gael ya a Leo Varadkar, omwe adali nduna yaikulu panthawiyo, idapeza 20.9 peresenti. Koma pa mipando, Fianna Fáil idali ndi 38 kuphatikizapo wa sipikala, Sinn Féin 37 ndipo Fine Gael 35. Chipani choona za chilengedwe cha Green Party chidapeza mipando 12, Labour 6, Social Democrats 6, Solidarity–People Before Profit 5, pomwe yotsalayo idapita kwa oima paokha ndi timagulu ting'onoting'ono.

Chomwe chidachititsa kuti chipani chotsogola pa mavoti chisatsogole pa mipando ndi chiganizo chomwe atsogoleri ake adapanga chisankho chisanachitike. M'mwezi wa Meyi 2019 Sinn Féin idachita moipa pachisankho cha makhansala, pomwe idataya pafupifupi theka la mipando yake. Poopa kugawa mavoti ochepa pakati pa anthu ambiri, chipanichi chidaimika anthu 42 okha mu 2020, pomwe Fianna Fáil ndi Fine Gael chilichonse chidaimika oposa 80. Anthu atakhamukira kwa icho, m'madera ambiri woimira chipanichi adapambana ndi mavoti otsala ochuluka zedi, koma padalibe mnzake wa chipani chomwecho woti awalandire. Mavotiwo adakathandiza ofuna uphungu a zipani zina zing'onozing'ono.

Anthu adatembenukira ku Sinn Féin kamba ka kusowa kwa nyumba, kukwera kwa lendi, mizere italiitali m'zipatala ndiponso ganizo la boma lokweza msinkhu wolandirira penshoni kuchoka pa zaka 66 kufika pa 67. Fine Gael idakopa anthu ndi mbiri yake yokweza chuma ndi momwe idayendetsera zokambirana za kutuluka kwa dziko la Britain m'bungwe la European Union. Koma kafukufuku amene adachitika pa tsiku lovota adaonetsa kuti zaumoyo ndi nyumba ndizo zidali patsogolo m'maganizo a ovota, ndipo munthu mmodzi yekha mwa 100 alionse ndiye adatchula nkhani ya Britain ija.

Masamu a mipando ndi mbiri yakale

Zotsatira zitatuluka padali njira zitatu zooneka. Yoyamba idali yoti Sinn Féin itsogolere boma lopanda zipani ziwiri zakale zija. Mayi McDonald adayamba ndi njira imeneyi, koma kuphatikiza mipando yawo ndi ya Green Party, Labour, Social Democrats ndi Solidarity–People Before Profit kunkangofika pa 66. Kuti afike pa 80 adayenera kukopa ambiri mwa aphungu oima paokha, omwe ena mwa iwo ndi a madera a kumidzi osagwirizana konse ndi mfundo za Green Party.

Njira yachiwiri idali yoti Fianna Fáil ndi Sinn Féin zigwirizane, n'kutenganso chipani chachitatu. Masamu ankalola, koma patangopita masiku ochepa aphungu a Fianna Fáil adakumana ndi kukana. A Martin adapereka zifukwa ziwiri: kusiyana pa mfundo za misonkho ndi chuma, komanso mbiri ya Sinn Féin ngati chipani chomwe chidali chogwirizana ndi gulu lankhondo la IRA pa nthawi ya ziwawa za ku Northern Ireland, zomwe zidatha ndi pangano la mtendere la mu 1998. Iwo adatinso chipanichi chimamvera anthu ena osasankhidwa, zomwe atsogoleri a Sinn Féin adakana kwamtuwagalu. Fine Gael nayo idali itanena kale isanafike nthawi yovota kuti sidzalowa m'boma ndi Sinn Féin.

Njira yachitatu, ya Fianna Fáil ndi Fine Gael, idali ndi chopinga cha mbiri. Zipani ziwirizi zidachokera ku mbali ziwiri zomwe zidamenyana mu 1922 ndi 1923 pa pangano la mu 1921 lomwe lidapatsa mbali yaikulu ya chilumbacho ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa Britain. A Éamon de Valera, omwe adatsutsa panganolo, adakhazikitsa Fianna Fáil mu 1926, pomwe Fine Gael, yomwe idapangidwa mu 1933, idalowa m'malo mwa chipani cha omwe adalivomereza. Pa mfundo za chuma zipanizi sizisiyana kwenikweni, koma m'mabanja ambiri kuvotera chimodzi mwa izo kudali ngati cholowa chochokera kwa makolo. Kuyambira mu 1932 nduna yaikulu iliyonse idachokera ku chimodzi mwa zipani ziwirizi, chinacho chikutsogolera mbali yotsutsa. Kulowa m'boma limodzi kunkatanthauza kusiyira Sinn Féin mpando wa mtsogoleri wa mbali yotsutsa, womwe ndi khomo lolowera m'boma lamtsogolo.

N'chifukwa chake Fine Gael poyamba idalengeza kuti ikukonzeka kupita ku mbali yotsutsa, ndipo idati udindo wopanga boma uli m'manja mwa Sinn Féin. Kutero kudapatsa mpata woti anthu aone okha kuti njira zinazo zakanika, kuti pomadzalowa m'zokambirana chipanichi chisaoneke ngati chokakamira maudindo anthu atachikana.

Aphungu atakumana pa 20 Febuluwale 2020 palibe amene adasankhidwa. Mayi McDonald adapeza mavoti 45, a Martin 41, a Varadkar 36 ndipo a Eamon Ryan a Green Party adapeza 12. A Varadkar adatula pansi udindo, koma malamulo oyendetsera dzikolo amati nduna yaikulu ndi nduna zake zipitirize ntchito kufikira olowa m'malo atapezeka, ndipo saika malire a nthawi. Motero nduna zina zomwe zidagwa pachisankho, monga a Shane Ross ndi mayi Katherine Zappone, zidakhalabe m'maofesi kwa miyezi inayi.

Zomwe zidakankha zokambirana

Zinthu zitatu zidakakamiza adani akalewa kukhala pansi. Choyamba ndi mliri wa Covid-19. Wodwala woyamba adapezeka kumapeto kwa Febuluwale ndipo pa 12 Malichi boma lidatseka sukulu. Boma longogwirizira lidayamba kupanga ziganizo zazikulu zokhudza ndalama za dziko ndi ufulu wa anthu woyenda, pomwe kuchititsanso chisankho pakati pa mliri kudali kosatheka.

Chachiwiri ndi Nyumba yachiwiri ya Malamulo yotchedwa Seanad, yomwe ili ndi mamembala 60. Mwa iwo 11 amasankhidwa ndi nduna yaikulu yatsopano. Popanda nduna yaikuluyo Nyumbayi sikadakwanira, ndipo kuyambira kumapeto kwa Malichi malamulo atsopano sakadadutsa.

Chachitatu ndi phunziro la mu 2016. Chisankho cha chaka chimenecho nachonso sichidapereke mwini, ndipo patatha masiku 70 a Enda Kenny a Fine Gael adapanga boma la aphungu ochepa, Fianna Fáil italonjeza kuti sidzatsutsa bajeti kapena kugwetsa bomalo. Fianna Fáil idalibe nduna ngakhale imodzi, komabe mu 2020 ovota ambiri adaiona ngati mbali ya boma lomwe ankalidandaula, ndipo mipando yake idatsika kuchoka pa 44 kufika pa 38. A Martin sadafunenso kusenza milandu ya boma lomwe sakuliyendetsa.

Pakati pa mwezi wa Epulo zipani ziwirizi zidatulutsa chikalata cha mfundo zomwe zidagwirizana n'kuchitumiza ku zipani zing'onozing'ono. Pamodzi zidali ndi mavoti 72 m'Nyumba, kuperewera asanu ndi atatu. Labour ndi Social Democrats zidakana kulowa, ndipo zimenezi zidasiya Green Party ili ndi mphamvu zoposa kukula kwake.

Mtengo wa aphungu 12

Green Party idaika patsogolo mfundo imodzi yoti boma latsopano lichepetse ndi 7 peresenti chaka chilichonse mpweya woipa umene umasokoneza nyengo. Mfundoyi idadetsa nkhawa aphungu a madera a kumidzi a zipani ziwiri zazikulu zija, popeza ulimi wa ng'ombe za mkaka ndi za nyama ndiwo umatulutsa gawo lalikulu la mpweyawu m'dzikolo. Koma chipanichi chidali ndi chida champhamvu: malamulo ake amafuna kuti magawo awiri mwa atatu a mamembala ovota avomereze chisanalowe m'boma. Okambirana ake, motsogozedwa ndi wachiwiri kwa mtsogoleri mayi Catherine Martin, ankatha kunena moona kuti pangano lofooka silingadutse kwa mamembala.

Pangano la ntchito za boma lidamalizidwa pa 15 Juni 2020. Lidavomereza 7 peresenti ija, kukweza msonkho wa mpweya woipa pang'onopang'ono mpaka chaka cha 2030, ndiponso kuti ndalama zopita ku mabasi ndi sitima zikhale zowirikiza kawiri zopita ku misewu yatsopano. Lidaimitsanso kukweza msinkhu wa penshoni. Maunduna adagawidwa motere: Fianna Fáil asanu ndi limodzi, Fine Gael asanu ndi limodzi, Green Party atatu.

Vuto la amene akhale nduna yaikulu lidathetsedwa pogawana nthawi. A Martin adayamba, a Varadkar ali wachiwiri wawo, ndipo adagwirizana kusinthana mu Disembala 2022. Pa 26 Juni zotsatira za mavoti a m'zipani zidatuluka: 74 peresenti adavomera ku Fianna Fáil, 80 peresenti ku Fine Gael ndi 76 peresenti ku Green Party. M'mawa mwake aphungu, atakumana m'holo yaikulu ya misonkhano mumzinda wa Dublin kuti akhale motalikirana kamba ka mliri, adasankha a Martin ndi mavoti 93 kwa 63.

Ambiri ankakayika ngati mgwirizanowu ungakhalitse, koma udafika kumapeto. Kusinthana kuja kudachitika pa 17 Disembala 2022, ndipo a Varadkar atatula pansi udindo mu 2024, a Simon Harris a chipani chawo adalowa m'malo mu Epulo popanda mgwirizano kugwedezeka. Chidathandiza n'chakuti pafupifupi chilichonse chidali cholembedwa: mfundo, maunduna, ngakhale nthawi yosinthana.

Wamng'ono ndiye amalipira

Chisankho cha pa 29 Novembala 2024 chidaonetsa amene adapindula ndi amene adaluza. Nyumba idakula kufika pa mipando 174. Fianna Fáil idapeza 21.9 peresenti ya mavoti, kutsikirako pang'ono poyerekeza ndi mu 2020, koma mipando yake idakwera kufika pa 48. Fine Gael idapeza 38. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti otsatira zipani ziwirizi, omwe makolo awo sakadayerekeza kutero, adapatsana manambala otsatira pa mapepala ovotera. Sinn Féin ulendo uno idaimika anthu ochuluka, koma mavoti ake adatsika kufika pa 19 peresenti ndipo idapeza mipando 39.

Green Party idatsala ndi phungu mmodzi mwa 12 aja, mtsogoleri wake a Roderic O'Gorman. Chipanichi chidakwaniritsa zambiri mwa zomwe chidalowera m'boma, kuphatikizapo lamulo la mu 2021 lofuna kuti mpweya woipa uchepe ndi 51 peresenti pofika mu 2030. Koma odana ndi misonkho ya chilengedwe adachiloza chala, pomwe ena mwa ochitsatira adachiimba mlandu wosunga zipani zakale m'boma.

Aka sikadali koyamba. Green Party idataya mipando yake yonse isanu ndi umodzi mu 2011 italamulira ndi Fianna Fáil pa nthawi ya kugwa kwa chuma. Labour idatsika kuchoka pa mipando 37 mu 2011 kufika pa 7 mu 2016 italamulira ndi Fine Gael. Chipani cha Progressive Democrats, chomwe mu 1989 chidakhala choyamba kulowa m'boma la mgwirizano ndi Fianna Fáil, chidatheratu mu 2009.

Mbiri imeneyi idaoneka pa zokambirana zotsatira chisankho cha 2024. Zipani ziwiri zazikulu zidali ndi mipando 86 pamodzi, kuperewera iwiri yokha kuti zipitirire theka. Labour ndi Social Democrats, chilichonse chili ndi aphungu 11, zidakambirana nazo koma sizidalowe, podziwa kuti wosafunikira kwenikweni pa masamu sangalamule mtengo. Fianna Fáil ndi Fine Gael zidatembenukira kwa aphungu oima paokha a m'madera a kumidzi. Mmodzi mwa iwo, mayi Verona Murphy, adasankhidwa kukhala sipikala mu Disembala 2024, mayi woyamba pa mpandowo, ndipo ena adapatsidwa maudindo a achiwiri kwa nduna.

Njira imeneyi idali yachangu, ya masiku 55 okha, koma idabwera ndi mkangano wake. Ena mwa oima paokhawo, omwe adakambirana nawo pangano la boma koma sadalandire udindo, adafuna kupatsidwa nthawi yoyankhula ya mbali yotsutsa. Phokoso lidabuka m'Nyumba pa 22 Januwale 2025 mpaka zokambirana zidaimitsidwa, ndipo a Martin adasankhidwa tsiku lotsatira ndi mavoti 95 kwa 76. Pangano la mu 2025 lidaika Novembala 2027 kukhala nthawi yoti mtsogoleri wa Fine Gael adzatenge udindowo.

Funso lomwe latsala

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Fianna Fáil ndi Fine Gael pamodzi zinkapeza mavoti oposa 80 peresenti. Mu 2020 ndi mu 2024 zidapeza pafupifupi 43 peresenti. Zapitiriza kulamulira chifukwa chovomera kudalirana, koma kuteroko kwachepetsa mpata woti wovota wotopa ndi chimodzi athawire kwa chinzake monga zinkakhalira kale. Wofuna kusintha tsopano ayenera kuyang'ana kwina.

Kwa Sinn Féin, zisankho ziwirizi zidaonetsa kuti kukula kwa chipani pakokha sikutsegula khomo la boma ngati zipani zazikulu zinzake zikukana kugwira nacho ntchito ndipo zing'onozing'ono zili zomwazikana. Chizindikiro choti mbali yotsutsa yamva phunziroli chidaoneka mu Okutobala 2025, pamene Sinn Féin, Labour, Social Democrats, People Before Profit ndi Green Party zidaima pambuyo pa phungu woima payekha, mayi Catherine Connolly, pachisankho cha pulezidenti. Mayiwo adapambana ndi mavoti oposa 63 peresenti.

Komabe kugwirizana pa munthu mmodzi woti akhale paudindo wosayendetsa boma n'kopepuka poyerekeza ndi kugwirizana pa misonkho, nyumba, ulimi ndi kagawidwe ka maunduna. Fianna Fáil ndi Fine Gael zidatha miyezi yoposa inayi mu 2020 kuti zilembe pangano lotere. Zipani zotsutsa zikafuna kulowa m'boma ziyenera kuonetsa ovota, chisankho chisanafike, kuti nazonso zingathe kufika pa aphungu 88 ndi kukhala pamodzi zaka zisanu.